Foni Yosagona Ikutidyera Moto ndi Ndalama

 Lero tikambirane za dandaulo limene limamveka kuno ku Nyimba ndi ku Petauke, pamsika, pachigayo ndi pachitsime pomwe, lakuti foni ikutha moto msanga. Munthu amaichaja madzulo mpaka kudzaza, osaigwiranso usiku wonse, koma pofika m'mawa moto watsika ndi theka. Ena amati batire ndi yabodza, ena amaloza chala ana kuti amaiseweretsa mobisa, ndipo ambiri amangogwira njakata n'kumati mafoni a masiku ano ndi otero. Mfundo yanga ndi yakuti nthawi zambiri foni yoteroyo imakhala kuti sikugona. Galasi lake limazima ndithu, koma m'kati ntchito ili m'kati. Tulo ta foni ndi ntchito imene anthu amaikonza ndi manja awo polemba mapulogalamu, ndipo angathe kuikonza bwino kapena mwaulesi. Kwa ife amene magetsi timawapeza movutikira, foni yodziwa kugona ndi chinthu choyenera kuchifunsa pogula, monga timafunsira mtengo.

Tiyambe ndi chifukwa chake nkhaniyi ikutikhudza kwambiri kuno. Pa 29 Febuluwale 2024, mtsogoleri wa dziko lino a Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala cha chaka chimenecho ndi ngozi yogwera dziko lonse. Chilalacho chinapsereza chimanga m'minda, chinatsitsanso madzi ku Kariba, ndipo popeza magetsi oposa magawo 80 pa 100 alionse m'Zambia muno ankachokera ku madzi, kampani ya ZESCO inayamba kugawa magetsi mosinthanitsa. Pofika Sepitembala, m'madera ambiri magetsi ankazima mpaka maola 21 patsiku. A m'tauni analawa moyo umene a m'midzi ya kuchigwa cha Luangwa, kumene mawaya sanafike, amakhala nawo chaka chonse. Pitani pa kashopu kochajitsa mafoni muone. Pathabwa pali masoketi ondondozana, mawaya apiringizana, foni iliyonse yamatidwa kapepala ka dzina la mwini wake, ndipo panja pali kasola kamodzi kamene kakudyetsa zonsezo. Aliyense wosiya foni pamenepo amalipira. Mayi wogulitsa nthochi m'mbali mwa msewu wa Great East amalandira ndalama za makasitomala ena pafoni. Wa mobile money, kaya wa Airtel, MTN kapena Zamtel, foni ikathima ndiye kuti bizinesi yatsekedwa. Mlimi amadikira uthenga wa feteleza pafoni yomweyo. Choncho moto umene foni ikuwononga ili chikhalire patebulo ndi ndalama yotuluka m'thumba la munthu wosauka popanda chimene wapindula.

Kuti timvetse kumene motowo ukupita, tilowe m'kati pang'ono. Mafoni ambiri amene tili nawo, kaya Tecno, Itel, Infinix kapena Samsung, amayendera Android, ndipo pansi pa Android pali pulogalamu yaikulu yotchedwa kernel ya Linux, imene Linus Torvalds anaiyamba mu 1991 ali wophunzira ku Helsinki m'dziko la Finland. Kernel ndiyo imalamulira zipangizo zonse za m'foni ndi kugawira mapulogalamu ena nthawi yogwirira ntchito. Koma foni ili ndi tizipangizo tambiri, ndipo kalikonse kali ndi machitidwe akeake: galasi, kamera, sipika, kachipangizo ka Wi-Fi, ka Bluetooth, kolumikizana ndi nsanja ya netiweki, komva chala chanu mukakhudza galasi, koyeza moto wa batire. Kernel singadziwe zonsezi payokha. N'chifukwa chake kachipangizo kalikonse kamakhala ndi kapulogalamu kake kotchedwa driver, kamene kamadziwa kukayatsa, kukatuma ntchito, kukagoneka ndi kukadzutsa. Ma driver ambiri a m'mafoni amalembedwa ndi makampani opanga ma chip monga MediaTek, Unisoc ndi Qualcomm, pamodzi ndi opanga mafoniwo. Wogula sawaona, wogulitsa sawatchula, koma ndiwo amagamula ngati foni yanu ipulumutse moto usiku kapena iumwe.

Foni imagona mwadongosolo ngati banja lolongosoka. Ana amayamba kugona, mayi amazungulira kuona ngati moto wa kukhitchini wazima ndi zitseko zatsekedwa, bambo amagona pomaliza, ndipo panja pamatsala galu amene khutu lake siligona. Mu kernel ya Linux zimayenda chonchi. Poyamba mapulogalamu onse amene timagwiritsa ntchito amaimitsidwa pomwe afika. Kenako kernel imaitana ma driver mmodzimmodzi, ndipo imatsata mndandanda: kachipangizo kodalira kanzake kamagona koyamba, kodaliridwako kamagona pambuyo. Mwachitsanzo, komva chala pagalasi kamalankhula ndi ubongo wa foni kudzera m'kanjira ka mawaya kamene kalinso ndi driver wake, ndiye kanjirako sikangatsekedwe komva chalako kasanagone. Driver aliyense akaitanidwa ayenera kuleka kulandira ntchito zatsopano, kumaliza zimene zili m'manja, kusunga m'memory m'mene kachipangizo kake kanatcheredwera, n'kukachepetsera moto kapena kukazimitsiratu. Kuitanaku kumachitika kangapo, gawo ndi gawo, ndipo gawo lomaliza limachitika mabelu amene zipangizo zimaitanira ubongo wa foni atatsekedwa kuti pasapezeke kosokoneza. Zikatha izi, ubongo wa foni umazima, n'kutsala memory ikulandira moto wochepa kwambiri wongosungira zimene zili m'menemo. Otsala maso ndi ochepa okha amene apatsidwa chilolezo chodzutsa ena: batani loyatsira, wotchi ya alamu, ndi kolumikizana ndi nsanja, kamene kamasuzumira pakapita sekondi imodzi kapena masekondi awiri kuti kamve ngati wina akukuimbirani. Podzuka dongosolo limatembenuka, odaliridwa amadzuka koyamba, owadalira pambuyo.

M'dongosolo limeneli muli lamulo limodzi limene ndikufuna mulisunge, chifukwa nkhani yonse yagona pomwepa. Driver mmodzi yekha akakana kugona, kaya chifukwa akadali ndi ntchito kapena chifukwa analembedwa molakwika, kernel imasiya zonse, imadzutsanso onse amene anali atagona kale, ndipo foni yonse imakhala maso. Pakapita kanthawi imayesanso, imalepheranso, n'kumangobwereza choncho mpaka tambala kulira. Palinso vuto lina lofanana nalo, pamene kachipangizo kena kamaliza belu lodzutsa popanda chifukwa, foni n'kumadzidzimuka kambirimbiri pa ola limodzi. Mwini wake saona kanthu popeza galasi ndi lakuda. Tiwerengere limodzi kuti tione kukula kwa nkhaniyi. Mafoni ambiri a masiku ano ali ndi batire ya 5000 mAh. Tiyerekeze kuti foni yogona bwino ikumwa 10 mA. Ikhoza kukhala maola 500, amene ndi masiku opitirira 20, isanathime. Foni yomweyo ikalephera kugona n'kumamwa 100 mA, imatha pa maola 50, masiku awiri okha, mwini wake asanaimbe ngakhale kamodzi. Batire ndi yomweyo, kukula kwake n'komweko, koma wina akupita kochajitsa kakhumi pamene mnzake wapita kamodzi.

Akatswiri a makompyuta akhala akulimbana ndi vuto limeneli kwa zaka zambiri, ndipo mbiri yake ikuonetsa kuti tulo tabwino ta makina timachita kukonzedwa. Mu 1996 makampani a Intel, Microsoft ndi Toshiba anatulutsa muyezo wotchedwa ACPI wofotokoza m'mene kompyuta iyenera kugonera ndi kudzukira. Foni yoyamba ya Android itatuluka mu 2008, a Google anabwera ndi nzeru ina. Kompyuta ya pa desiki imakhala maso mpaka mwini wake ataigoneka, koma iwo anafuna kuti foni izithamangira kugona nthawi iliyonse pokhapokha pali wina waigwira dzanja kuti idikire. Chogwirira dzanjacho anachitcha wakelock. Osamalira kernel ya Linux anakangana nawo kwambiri mu 2009 ndi 2010, ena akunena kuti njira imeneyi ipatsa mapulogalamu osasamala mphamvu yoletsa foni yonse kugona. Mkanganowo unatha pang'onopang'ono, ndipo mu 2012 kernel ya Linux 3.5 inalandira njira yogwirizana, ntchito imene a Rafael Wysocki, osamalira gawo la mphamvu ya magetsi mu kernel, anaitsogolera. Mantha a otsutsa aja anali ndi maziko, pakuti mapulogalamu ambiri ankagwira wakelock n'kuiwala kuisiya. Mu 2015 Android 6 inabweretsa Doze, imene imakakamiza mapulogalamu kudikira pamene foni yakhala nthawi yaitali osagwedezeka, n'kuwatsegulira kanthawi kochepa kuti onse agwire ntchito zawo pamodzi. Kusintha konseku kunawonjezera maola a foni popanda kukulitsa batire ngakhale pang'ono.

Kugona ndi theka chabe la ntchito ya driver, theka lina ndi kudzuka. Aphunzitsi, a zaumoyo ndi a m'maofesi a boma amene amagwiritsa ntchito laputopu akudziwa zimene ndikunena. Mumatseka chivundikiro kuti musunge moto pamene magetsi azima, ndipo potsegula mumapeza galasi lili bii, kapena Wi-Fi yasowa, kapena mawu sakumveka mpaka mutaizimitsa n'kuiyatsanso. Kawirikawiri amakhala driver amene sanasunge bwino m'mene kachipangizo kake kanalili, kapena wadzuka mnzake womudalira asanakonzeke. Nthawi zina laputopu imene mumaganiza kuti yagona mumaitulutsa m'chikwama ili yotentha, batire itatheratu. Pachipatala chaching'ono cha kumudzi chodalira sola, kumene mbiri ya odwala imalembedwa pakompyuta, vuto lotere limaimitsa mzere wa anthu amene ayenda mtunda wautali ndi ana kumsana. Ndipo munthu akagwiritsidwa mwala kangapo amasiyiratu kugoneka makinawo, amangowasiya oyaka tsiku lonse, moto wa sola n'kumathera pachabe.

Pali amene anganene kuti ndikukokomeza, chifukwa foni zambiri kuno zimatha moto kaamba ka batire yokalamba ndi netiweki yofooka. Mawu amenewa ali ndi choonadi. Batire imafooka ikachajidwa kambirimbiri, ndipo kutentha kwa kuchigwa m'mwezi wa Okutobala kumaikalambitsa msanga. N'zoonanso kuti foni ikakhala kutali ndi nsanja imagwiritsa ntchito mphamvu zambiri kuti imveke, ndipo netiweki ikamabwera n'kumapita foni imatopa ndi kufunafuna. Koma zifukwa zimenezi zikulimbitsa mfundo yanga. Foni yosagona imachajidwa kawirikawiri ndipo imakhala yofunda nthawi zonse, ndiye batire yake imakalamba isanakwane nthawi. Kumalo a netiweki yofooka, funso lalikulu ndi lakuti foniyo imatani netiweki ikasowa. Yokonzedwa bwino imafunafuna pang'ono, n'kupuma, osadzutsa ubongo wonse wa foni pa kakusintha kalikonse. Yokonzedwa mwaulesi imadzidzimuka nthawi iliyonse chizindikiro cha netiweki chikakwera kapena kutsika. Kumene moyo uli wovuta ndi kumene ubwino kapena kuipa kwa driver kumaonekera poyera.

Ena angati yankho ndi losavuta: gulani power bank, gulani kasola, kapena sankhani foni ya batire yaikulu. Zinthu zimenezi n'zothandiza ndipo amene angakwanitse agule. Koma taonani amene akulipira. Cholakwa chachitikira kwa wolemba pulogalamu, koma bilu yapita kwa mlimi wa kwa amfumu a Luembe amene ayenera kugulitsa nkhuku kuti agule chida chachiwiri chothandizira choyamba. Power bank nayonso imafuna kuchajidwa, imataya gawo la moto posamutsa, ndipo imakalamba n'kukhala chinyalala choopsa chimene kuno tilibe kokataya koyenera. Driver wolakwika akakonzedwa kamodzi, kukonzako kumatha kutumizidwa pa intaneti ku mafoni onse a mtundu umenewo, ndipo aliyense amapindula osatulutsa ndalama ya chida china. Vuto ndi lakuti mafoni ambiri otsika mtengo amalandira zokonza zoterezi kwa kanthawi kochepa, kenako opanga amatembenukira ku mtundu watsopano. Manambala aakulu a batire ndi a kamera amalembedwa pa bokosi chifukwa ndiwo amakopa maso, koma akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Chotsutsa chachitatu ndi cholemera kuposa zinazi, ndipo chiyenera kuyankhidwa moona mtima. Foni ikagona tulo tofa nato, kodi uthenga wofunika sungachedwe? Zimachitikadi. Opanga mafoni ena, pofuna kutchuka kuti batire yawo imakhalitsa, amapha mapulogalamu mwankhanza, ndipo uthenga wa WhatsApp umafika pokhapokha mwini wake atatsegula pulogalamuyo. Kwa namwino woyembekezera uthenga wa ambulansi, kapena wamalonda wodikira kasitomala, kupulumutsa moto kotereku n'kopweteka. Koma kupha mapulogalamu mwachisawawa ndi njira yachidule yobisira ntchito yosachitidwa bwino. Kernel inakonzedwa kale ndi njira yosiyanitsira zoyenera kudzutsa foni ndi zosayenera. Kuimba ndi SMS zimabwera kudzera ku kachipangizo kamene kali ndi chilolezo chodzutsa, ndipo Doze imalola uthenga wachangu kudutsa. Palinso njira ina imene inalowa mu Linux mu 2009, yolola kachipangizo kalikonse kugona pakokha pamene sikakugwira ntchito ngakhale foni yonse ili maso, monga kamera pamene mukungowerenga uthenga. Ma driver akalembedwa mosamala, foni imagona kwambiri n'kumadzukabe pa nthawi yake. Tisalole kuuzidwa kuti tisankhe chimodzi pakati pa moto ndi uthenga, pakuti zonse ziwiri n'zotheka.

Chotsutsa chomaliza ndi cha kutaya mtima: izi ndi za azungu ndi a ku China, ife a ku Nyimba tinganenepo chiyani? Taonani zimene ena achita. Kuyambira pa 20 Juni 2025, mafoni atsopano ogulitsidwa m'maiko a European Union ayenera kukhala ndi chizindikiro choonetsa utali wa nthawi imene batire imakhala ikachajidwa, batire yake iyenera kupirira kuchajidwa ka 800 n'kusungabe magawo 80 pa 100 a mphamvu yake, ndipo opanga ayenera kupitiriza kutumiza zokonza mapulogalamu kwa zaka zosachepera 5 mtunduwo utasiya kugulitsidwa. Anthu amene magetsi awo sazimazima aona kuti nkhaniyi ndi yoyenera lamulo. Nanga ife? Tili ndi ZICTA, imene imavomereza zipangizo zolumikizirana zisanagulitsidwe m'dziko muno. Tili ndi bungwe la CCPC loteteza ogula. Mabungwe amenewa angathe kufunsa obweretsa mafoni kuti alembe poyera, m'mawu omveka, kuti foni imakhala maola angati ili chigonere ndipo idzalandira zokonza kwa zaka zingati. Zambia payokha ndi msika wochepa, koma mafoni omwewa akugulitsidwa ku Malawi, ku Mozambique, ku Tanzania ndi kwina, ndipo maiko a COMESA, imene likulu lake lili ku Lusaka, m'dziko mwathu momwemu, akalankhula mawu amodzi opanga mafoni adzamva.

Podikira zimenezo, pali zimene aliyense angachite mawa lomwe. Chajani foni madzulo, lembani nambala ya moto, isiyeni osaigwira, m'mawa muonenso. Foni yogona bwino imataya pang'ono chabe. Ikataya gawo lalikulu, bwerezani usiku wotsatira mutatchera kachizindikiro ka ndege kamene kamadula netiweki yonse. Kutayako kukaleka, vuto lili ku netiweki kapena ku mapulogalamu odalira intaneti, ndipo mu Settings, pa Battery, mudzaona amene akumwa kwambiri kuti muwachotse kapena kuwaletsa kugwira ntchito mobisa. Kukapitirira, vuto lili mu batire kapena mu pulogalamu ya foniyo. Ikakhala yatsopano ibwezeni msanga, ndipo musaiwale kutenga lisiti pogula. Foni yofunda m'thumba pamene simukuigwiritsa ntchito ikukuuzani kuti sikugona. Uthenga wa update ukabwera, musaukane chifukwa choumira bandulo, popeza nthawi zambiri mumakhala zokonza zoterezi. Inu akatswiri okonza mafoni pamsika wa Nyimba ndi wa Petauke, musathamangire kusintha batire musanayeze, chifukwa batire yatsopano m'foni yosagona imabwezera kasitomala kwa inu ali wokwiya.

Mawu anga otsiriza apite kwa achinyamata amene akuphunzira makompyuta m'masukulu athu a sekondale, ndi amene apita ku UNZA, ku Copperbelt University kapena akuyesa nzeru zawo ku BongoHive ku Lusaka. Ambiri mumalakalaka kupanga mapulogalamu ooneka pagalasi, ndipo palibe cholakwika. Koma kernel ya Linux ndi yotseguka, aliyense angathe kuiwerenga, kuiphunzira ndi kutumiza zokonza, ndipo chilolezo chake chimakakamiza opanga mafoni kupereka zolemba za kernel imene aika m'menemo. Olemba ma driver ambiri amakhala kumene soketi ili pakhoma lililonse ndipo netiweki ndi yodzaza. Inu mukudziwa tanthauzo la foni kuthima pamene mayi akubereka usiku ndipo chipatala chili kutali. Chidziwitso chimenecho n'chofunika pa ntchito imeneyi, ndipo dziko lathu likusowa anthu otha kutsegula foni, kupeza chimene chikuiletsa kugona, n'kupereka umboni kwa ZICTA kapena kwa wopanga. Makolo, aphunzitsi ndi aphungu athu, alimbikitseni ana amenewa, ndipo pogula foni funsani mafunso awiri aja: imakhala maola angati ili chigonere, ndipo idzakonzedwa kwa zaka zingati. Ogulitsa akamva mafunso amenewa tsiku ndi tsiku, adzayamba kuwafunsa kwa amene amawapatsa katundu.